Sitima zazing'ono pa thabwa: mafunso ndi mayankho

Kuseri kwa nyumba yanga ku Chilenje kuli kachipinda komwe kale tinkasungiramo makasu ndi matumba a chimanga. Lero muli njanji. Ndi yaifupi, mamita 2.4 basi, koma ili ndi siteshoni, chulu, mitengo ya mango, amayi ogulitsa nthochi, ndi sitima ya katundu imene imayendadi ndi magetsi. Mlendo akalowa amayamba waseka, kenako amagwada kuti aone bwino, kenako mafunso. Mafunsowo sasintha chaka ndi chaka, ndiye ndawasonkhanitsa pamodzi.

Kodi zimenezi si zoseweretsa za ana, munthu wamkulu ngati inu?

Okonda kufunsa zimenezi ndi apongozi anga ndi anzanga a kutchalitchi, ndipo sindikwiya nazo. Ambirife tinakula tikupinda magalimoto a mawaya, chiwongolero chachitali kumanja, mawilo a zitsekerero za mabotolo. Mnyamata wodziwa kupinda ankayamba wayang'anitsitsa lole yeniyeni, kuona pamene pakhala thanki ya dizilo ndi pamene amapachika tayala lapadera. Luso lake ndi lomwelo. Chimene chawonjezekapo ndi muyeso: chilichonse pa thabwapo, kuyambira injini mpaka nkhuku, chimachepetsedwa mofanana, ndipo sitimayo imagwira ntchito ngati yeniyeni, kuima pa siteshoni, kusiya mabogi, kukoka ena.

Kumaiko ena ndi ntchito yaikulu ndithu. Ku Hamburg, m'dziko la Germany, kuli Miniatur Wunderland, imene amapasa awiri, Frederik ndi Gerrit Braun, anatsegula mu 2001. Muli mizinda, mapiri, ngakhale bwalo la ndege pomwe tindege timanyamukadi. Onerani mavidiyo ake kamodzi kokha. Mukaonera usiku wonse mugwa mphwayi musanakhome ndi msomali umodzi womwe.

HO, OO, N: zilembo zimenezi zikutanthauza chiyani?

Ndi maina a sikelo, kutanthauza kuti chinthu chachepetsedwa kangati. HO ndi 1:87, ndipo mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji yake ndi mamilimita 16.5. Munthu wamtali mamita 1.7 amakhala pafupifupi masentimita 2, ngati kanjere ka nyemba kataimirira. OO ndi ya ku Britain, 1:76, yokulirapo pang'ono koma imayenda pa njanji yomweyo ya 16.5. N ndi 1:160 pa njanji ya mamilimita 9, ngakhale a ku Britain amagwiritsa 1:148 ndipo sitima zambiri za ku Japan ndi 1:150. Palinso O yaikulu, ya njanji ya mamilimita 32, ndi Z yaing'onong'ono, 1:220, imene kampani ya Märklin inatulutsa mu 1972.

Musasokoneze sikelo ndi geji. Sikelo ndi kuchepa kwa chinthu chonse, geji ndi mpata wa njanji wokha.

Nanga kuno ku Lusaka ndisankhe iti?

HO kapena OO. Chifukwa choyamba ndi fumbi: injini ya N ndi yopepuka, kafumbi pang'ono pa njanji kamaiimitsa. Chachiwiri, katundu wakale wa HO ndi OO ndiye amapezeka kwambiri ku South Africa ndi ku Britain, komwe ambirife tili ndi abale otibweretsera. Chachitatu ndi maso ndi zala. Kusema chitseko cha mamilimita 23 n'kotheka, koma cha mamilimita 12 chimafuna maso a mwana wa sukulu.

N ndi yabwino ngati malo anu ndi kashelefu kokha ndipo muli ndi galasi lophimbira.

Ndinamva kuti njanji yathu ndi yopapatiza kuposa ya ku Ulaya. Zili ndi kanthu?

Pano ndiye pokoma nkhani. Njanji ya Zambia Railways, ya TAZARA, ya ku Malawi, ya ku Zimbabwe ndi ya ku South Africa ndi ya mamilimita 1,067, imene amaitcha Cape gauge. Ya kumaiko ambiri a ku Ulaya ndi ku America ndi 1,435. Njanji ya HO ya m'sitolo inayesedwa pa 1,435 imeneyo. Mukagawa 1,067 ndi 87 mupeza mamilimita 12.3, choncho wofuna kulondola kwenikweni amagula njanji ya mamilimita 12, yomwe amagulitsa ndi dzina la HOm kapena TT, n'kuikapo mabogi a 1:87. Ena amatembenuza masamuwo: amasunga njanji ya 16.5 koma n'kupanga sitima ndi nyumba pa 1:64, popeza 1,067 kugawa ndi 64 ndi 16.7, kusiyana kwake kosaoneka ndi maso. Njira imeneyi ndi yotchuka ku New Zealand, komwenso njanji yawo ndi ya 1,067.

Maganizo anga ndi akuti woyamba kumene asadzipweteketse mutu. Gwiritsani njanji wamba ya 16.5. Mwa anthu onse amene anaonapo thabwa langa, amene anazindikira kuti njanji yatambalala ndi mmodzi yekha, ndipo ndidzamutchula kumapeto. Chimene anthu amazindikira msanga ndi dothi, mitengo ndi denga la siteshoni. Zimenezo zikakhala za ku Ulaya, ngakhale geji ikhale yolondola chotani, palibe amene anganene kuti "apa ndi pa Chisamba".

Kodi injini za Zambia Railways kapena TAZARA zimagulitsidwa zopangapanga?

Makampani akuluakulu monga Hornby, Bachmann, Roco, Piko ndi Kato amapanga sitima za kumene kuli ogula ambiri: Britain, Germany, America, Japan. Zathu timachita kuzisandutsa tokha. Mwayi wake ndi wakuti injini zambiri za dizilo za kuno n'zochokera kwa General Electric. Zambia Railways inakhala ndi mtundu wa U20C, TAZARA ili ndi U30C, ndipo kampani ya Frateschi ya ku Brazil imapanga U20C ya HO chifukwa injini zomwezo zinayendanso kwawoko. Mukaipeza, chotsala ndi penti ndi manambala. Kampani ya Lima ya ku Italy inapangapo sitima za HO za njanji ya ku South Africa, ndipo zakale zake zimagulitsidwabe kumeneko. Mabogi ake amafanana ndi athu kuposa a ku Britain.

Injini za malasha za mtundu wa Garratt, zija zokhala ndi boila pakati ndi mawilo oyendetsa kutsogolo ndi kumbuyo, zomwe zambiri anapanga a Beyer, Peacock a ku Manchester, ndi ntchito ya akatswiri. Pitani mukazione kaye injini zakale ku Railway Museum ku Livingstone, mujambule, musunge zithunzizo. Tsiku lake lidzafika.

Zipangizo mumazipeza kuti?

Zogula kunja ndi zinayi zokha: injini, mawilo ndi zokolera mabogi, njanji, ndi mapointi, paja njanji imagawikana. Zimenezi ndimaitanitsa pa intaneti kapena kutuma wachibale wochokera ku Johannesburg, ndipo powerengera mtengo musaiwale wotumizira ndi msonkho wa ZRA. Zina zonse zili konkuno. Matabwa ku Buseko kapena kwa akalipentala a ku Kalingalinga, guluu, penti ndi masikuluwu m'mashopu a hadiweya ku Kamwala, mawaya ndi timagetsi ta LED kwa okonza mawailesi ndi mafoni m'tauni. M'milu ya zoseweretsa za salaula nthawi zina mumatuluka kagalimoto koyenera sikelo, choncho ndimayenda ndi kamunthu ka HO m'thumba la malaya kuti ndiyerekeze.

Pogula zakale chenjerani ndi Märklin ya HO. Ndi katundu wabwino kwambiri, koma amayendera magetsi a AC, osinthasintha mbali, osati a DC ngati a batire, ndi timinga tachitsulo pakati pa njanji, ndipo mawilo ake akakhala pa njanji wamba amagundanitsa magetsi. Njanji yakale yachitsulo wamba isiyeninso, imachita dzimbiri mvula ikangoyamba. Funani ya nickel silver, monga ya kampani ya Peco. Muikepo maginito: akamata, isiyeni.

Ndimakhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Malo ndiwapeza kuti?

Anthu ambiri amaganiza kuti sitima iyenera kuzungulira. Akatero amagula pulayiwudi yathunthu ya mamilimita 2,440 ndi 1,220, n'kupeza kuti yadzaza chipinda chochezera, amayi a kunyumba akwiya, ndipo pakati pa thabwa mkono sufika. Patapita miyezi itatu thabwalo limakhala litatsamira khoma kuseri kwa kabati. Ndinaziona kwa anthu atatu, wachinayi ndine.

Sitima yeniyeni sizungulira. Imachoka kwina kupita kwina, ndipo ntchito yosangalatsa imachitika pa siteshoni, posankhula mabogi, chimene anthu a njanji amati shunting. Zimenezi zimakwana pa shelefu ya masentimita 40 m'lifupi. Pali kapangidwe kotchuka kotchedwa Inglenook, komwe anatchukitsa Alan Wright wa ku Britain. Pali mapointi awiri ndi njanji zitatu zoimikapo mabogi: imodzi yokwana mabogi 5, ziwiri zokwana 3 iliyonse. Njanji yobwererapo injini imakwana injiniyo ndi mabogi 3 okha. Mumaika mabogi 8, n'kuchita maere kusankha 5 ndi ndondomeko yake, ndiyeno muwasanje. Masanjidwe otheka alipo 6,720. Mwana wa mlongo wanga, yemwe amati n'zosavuta, anakhala pamenepo mpaka nsima inazizira.

Yanga ndi yotero. Ndi matabwa awiri, lililonse mamita 1.2, ndipo ndikafuna malo ndimawalekanitsa n'kuwalowetsa pansi pa bedi.

Thabwa lake likhale lotani?

Pulayiwudi ya mamilimita 9 pamwamba, pansi felemu ya timatabwa touma, topingasa pa masentimita 30 kapena 40 alionse. Mawu akuti touma ndawanenera dala. Felemu yanga yoyamba anandipangira kalipentala wina ndi paini wosauma, ine osafunsa chifukwa mtengo unali wabwino. Pofika Okutobala thabwa linali litapotoka ngati chikopa chouma padzuwa, bogi ukaliika pakati limadziyendera lokha kupita kumapeto. Safunsa anadya phula.

Chipibodi ndi MDF zimafufuma zikamwa chinyezi cha dzinja, ndiponso n'zolemera ponyamula. Pakani vanishi kapena penti mbali zonse, pansi pomwe, musanaike njanji. Miyendo isagunde khoma kapena dothi, chiswe sichidziwa kuti imeneyo ndi siteshoni.

Poyala njanji ndisamale chiyani?

Zinthu zitatu. Pokhota pasakhale pothina: pa HO ndi OO musatsike pansi pa mamilimita 438, omwe Hornby amati second radius, chifukwa injini zazitali zimagwa. Chitunda chisapitirire masentimita 2 pa mita iliyonse. Ndipo siyani kampata kochepa, kokwana kakhadi kopyapyala, polumikizira zitsulo. Njanji yoyalidwa mothinana m'kuzizira kwa Juni imafutukuka kukatentha mu Okutobala pansi pa malata, n'kupindika ngati njoka. Njanji yeniyeni imachitanso chimodzimodzi, n'chifukwa chake yakale inkalira kuti kadaka kadaka podutsa sitima.

Musadalire tizitsulo tolumikizira njanji kuti ndito tipititse magetsi. Wotchererani waya ku chidutswa chilichonse cha njanji, mawayawo akakumane pansi pa thabwa. N'zotopetsa tsiku limodzi, koma muzapuma zaka. Ndipo musathire miyala kapena dothi musanayendetse sitima kwa milungu iwiri popanda kugwa.

Nanga magetsi, poti amazimazima chonchi?

Sitima zambiri za HO zimayendera magetsi ochepa, mavoti 12 a DC. Mukawonjezera mavoti imathamanga, mukatembenuza mawaya imabwerera m'mbuyo. Ndiye kuti batire la galimoto kapena la sola limakwanira, mukangoikapo kachipangizo kochepetsera liwiro la mota, ka mtundu wa PWM, switchi yotembenuzira, ndi fyuzi ya ampu imodzi kapena ziwiri pafupi ndi batirelo. Fyuziyo musaiwale. Batire la galimoto lili ndi mphamvu yosungunula waya ngati sikuludiraiva itagwera pa njanji. Kunena zoona, masiku amene magetsi apita ndi amene ndimayendetsa sitima kwambiri, poti TV yakhala chete ndipo timawindo ta siteshoni timawala bwino mumdima. LED iliyonse ikhale ndi resistor, kachipangizo kochepetsa magetsi kuti isapse, ya ma ohm 1,000.

Za pakhoma samalani. Magetsi athu ndi mavoti 230, a ku America ndi 120. Mlamu wanga ananditumizira seti kuchokera kumeneko, ine ndi chimwemwe n'kungosintha pulagi osawerenga chimene chalembedwa. Kunamveka kuti phu, kautsi tolo, chipinda chonse kununkha. Thiransifoma inathera pomwepo isanayendetse sitima ndi sentimita imodzi yomwe.

Palinso DCC. Pamenepo njanji imakhala ndi magetsi nthawi zonse, ndipo injini iliyonse ili ndi kachipangizo kake m'kati, decoder, kokhala ndi nambala yakeyake, imene pochokera kufakitale imakhala 3. Mukhoza kuyendetsa injini zingapo pa njanji imodzi, kuyatsa nyali, kuliza hutala. N'zokoma, koma mtengo wake ndi woboola m'thumba, ndipo pa shelefu ya injini imodzi phindu lake ndi lochepa. Injini ya DC yopanda decoder musaisiye itaima pa njanji ya DCC, mota imatentha.

Sitima yanga imaimaima, nthawi zina kugwa. Chalakwika n'chiyani?

Kuimaima ndi litsiro, kasanu ndi kanayi pa kakhumi. Magetsi amadutsa pa kamalo kochepa kwambiri pomwe wilo lakhudza njanji, ndipo mphepo ya Ogasiti imalowetsa fumbi ngakhale mutatseka mawindo. Pukutani njanji ndi kansalu konyowetsa ndi spiriti, mawilonso chimodzimodzi. Sandipepa ayi, amasiya timikwingwirima momwe litsiro limakakhazikika. Mukamaliza kuyendetsa fundikani ndi chitenje chakale, koma chikhale pa kafelemu kuti chisathyole mitengo. Mafuta ku injini ndi kadontho ka pansonga ya singano, osati a galimoto kapena ophikira.

Kugwa kumakhala ndi malo ake. Ngati mabogi onse amagwa pamalo amodzi, vuto ndi njanji. Ngati bogi limodzi limagwa paliponse, vuto ndi bogilo: yesani mpata wa kumbuyo kwa mawilo awiri, uzikhala pafupifupi mamilimita 14.5, ndipo muone kulemera. Bungwe la NMRA, la okonda sitima zazing'ono ku America, limalangiza kuti bogi la HO lotalika masentimita 15 lilemere pafupifupi magalamu 113. Manati ndi mawasha omata m'kati amathandiza.

Chinanso, chepetsani liwiro. Sitima yoyenda makilomita 40 pa ola, pa HO iyenera kutenga masekondi 8 kuti ithe mita imodzi. Ambiri amayendetsa ngati minibasi yothamangira okwera.

Dothi, udzu ndi mitengo mumapanga bwanji kuti zioneke ngati zenizeni?

Apa ndi pamene ife a kuno tili ndi mwayi kuposa ogula zonse m'sitolo. Udzu wa m'mapaketi ndi wobiriwira ngati wa ku England. Dziko lathu miyezi yambiri ya chaka ndi lofiira, lotuwa, udzu wouma wofika m'chiuno, apa ndi apo popsa ndi moto wolusa. Mitundu imeneyo ili pabwalo panu.

Zitunda ndimaumba ndi chifomu choyera chija chimabwera m'katoni ya firiji, n'kuchisema ndi mpeni wa buledi, n'kuchikuta ndi mapepala a nyuzi oviika m'guluu woyera wa matabwa. Penti wake akhale wosungunula ndi madzi, chifukwa wa thinasi kapena wopopera amadya fomu mukuona. Dothi ndimatapa lenileni. Ndimaliyanika, kulikazinga m'chiwaya chakale kuti tizilombo ndi nkhungu zife, kulisefa ndi sefa ya ufa, kenako ndi sokosi yopyapyala ya amayi. Ndiyeno chinthu chimene mabuku ambiri akunja sanena: pititsani maginito m'dothimo kangapo. Dothi lathu lofiira limakhala ndi timachitsulo, ndipo mota ya injini ili ndi maginito. Injini yanga yoyamba inayamba kulira ngati chigayo, nditaitsegula ndinapeza ndevu zakuda zitamera pa mota.

Pomata, sakanizani guluu woyera ndi madzi muyeso wofanana, muikemo kadontho ka sopo wotsukira mbale kuti alowerere m'malo moundana pamwamba. Yambani mwanyowetsa dothilo ndi kabotolo kopopera, kenako donthezani guluuyo ndi jakisoni wopanda singano. Miyala ya pansi pa njanji imamatidwa chimodzimodzi, fumbi la kukwale losefa bwino limachita, koma pafupi ndi mapointi guluu asafike.

Udzu wouma ndi chingwe cha khonje. Dulani tizidutswa ta sentimita imodzi, mumasule, mubzale timagulu m'timabowo. Mtundu wake ndi wa udzu wa Julayi kale, sufuna penti. Mitengo ndimapota ndi waya wa kopa wa m'chingwe chamagetsi chakale: tsinde ndi mawaya onse pamodzi, nthambi ndi kuwagawa pang'onopang'ono mpaka kunsonga. Masamba ndi siponji ya matiresi akale, yoviika m'penti, youmitsa, yopera pa sefa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mtengo umodzi umanditengera madzulo athunthu.

Koma musanapote, kayang'aneni mtengo weniweni. Mango ndi wobulungira, wothithikana, wobiriwira moderako, pansi pake mthunzi wakuda ndi dothi lopanda udzu poti anthu amakhalapo. Mitengo ya miombo ndi yotambalala pamwamba, yoonekera kuwala, ndipo chakumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala masamba ake atsopano amatuluka ofiirira. Ndipo mitengo ndi yaitali kuposa mmene timaganizira. Wa mamita 10 pa HO ndi masentimita 11.5, kuposa injini kawiri. Chulu musachiiwale. Changa ndinachiumba ndi dothi la pachulu chenicheni, ndipo ndicho chinthu choyamba chimene anthu amaloza.

Nanga nyumba ndi anthu?

Makatoni olimba, a mabokosi a nsapato kapena a sopo, ndiwo makoma. Malata ndi foyilo yochindikala ya m'timbale tonyamuliramo chakudya, yodinda pa chipeso kapena pa bawuti ya mizere yoyandikana. Matumba a makala ndi tishu wokulunga, pamwamba timakala tenitweni toswa, tomanga ndi ulusi. Kantemba ndi timitengo ta machesi. Tianthu togula timabwera titavala majekete a ku Ulaya, choncho ndimatipentanso khungu, n'kukulunga amayi kapepala kopyapyala ngati chitenje, wina mwana kumsana, wina beseni pamutu.

Chikamalizidwa chilichonse chidetseni. Palibe bogi lonyezimira pa njanji yathu. Choko chofiirira chopala, chopaka ndi burashi youma m'munsi mwa makoma ndi m'mawilo, ndi penti wakuda wosungunula kwambiri wotsikira m'malata, zimasandutsa pulasitiki kukhala chitsulo chakale. Tsiku loyamba dzanja limanjenjemera kudetsa chinthu chimene mwagula modula. Yambani ndi bogi lotchipa.

Ndipange malo ati?

Aliyense amayamba ndi kunena mlatho wa pa Victoria Falls. Tiyeni tiwerengere. Mlathowo, womwe unatha mu 1905, ndi wautali mamita 198 ndipo uli pafupifupi mamita 128 pamwamba pa Zambezi. Pa HO ndi mamita 2.3 m'litali ndi phompho la mita imodzi ndi theka. Wa pa Kafue, wa 1906, ndi mamita 427, zigawo 13, pa HO pafupifupi mamita 5. Koma chigawo chimodzi ndi masentimita 38 okha, ndiye zigawo ziwiri ndi bango m'mphepete zikwana pa shelefu. TAZARA yonse, makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, ingafune thabwa la makilomita 21.

Sankhani kamalo kamodzi komwe mumakadziwa. Lusaka yeniyeniyo inayamba ngati kasiteshoni kopatukirapo sitima mu 1905, njanji ikupita ku Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe, ndipo inadzakhala likulu mu 1935. Kasiteshoni kotero, njanji ziwiri, thanki ya madzi ndi sitolo imodzi, ndi poyambira pabwino. Ena angakonde njanji ya Mulobezi imene inkanyamula mitengo ya mukusi kupita ku Livingstone, kapena siteshoni ya Chipata pa njanji yochokera ku Mchinji yomwe inatsegulidwa mu 2010, kapena sitima ya Njanji Commuter ija tinkakwera kuchokera ku Chilenje kupita ku George. Pokajambula pa siteshoni kapena pa mlatho pemphani chilolezo kaye, ndipo musayende pakati pa njanji.

Ndikufuna kukaonetsa kwa anthu. Ndikonzekere bwanji?

Ganizani za ulendo musanadule thabwa. Chidutswa chilichonse chikwane pampando wakumbuyo wa takisi ndi pakhomo la nyumba. Matabwa awiri amalumikizidwa ndi mabawuti, ndipo nsonga za njanji polumikizirapo ziwotchereredwe pa masikuluwu a bulasi kuti zisasunthe. Ponyamula, yang'anitsanani matabwawo nkhope ndi nkhope, n'kuwamanga ndi timatabwa m'mbali, kuti mitengo ikhale m'kati. Misewu ya m'makomboni idzayesa guluu wanu, choncho nyamulani wina.

Malo oyambira ndi tsiku la makolo kusukulu, holo ya tchalitchi, kapena zionetsero za sayansi za JETS ngati mukupanga ndi ana a sukulu. Mukalimba mtima mukhoza kukafunsa za malo ku chionetsero cha ulimi ndi malonda cha ku Showgrounds, chija chimachitika kumayambiriro kwa Ogasiti, koma kumbukirani kuti ndi nyengo ya fumbi ndipo anthu amakhala khwimbi.

Thabwa likhale lokwera pafupifupi mita imodzi, kabenchi ka ana patsogolo, ndi chingwe chotchinga patali ndi mkono wa munthu. Kumbuyo ikani chithunzi cha thambo ndi mapiri kuti maso asaone khoma la holo. Tengani batire lodzaza, injini yachiwiri, kansalu ndi spiriti. Mukhale awiri, wina kuyendetsa wina kuyankha mafunso, paja mutu umodzi susenza denga, ndipo munthu amafunanso kukadya. Sitima isaime nthawi yaitali, anthu akaona zii amapita. Ana adzagwira basi, ngakhale mulembe chikwangwani. Ine ndimaika bogi lakale patebulo loti azigwira, ndipo wodekha ndimamupatsa kuti ayendetse pang'ono.

Munthu uja anazindikira za geji anali ndani?

Tinali m'holo ya tchalitchi Loweruka lina. Kunabwera agogo ena a ndodo, jekete lakuda, anaima nthawi yaitali osalankhula. Kenako anati, "Mwanawe, njanji yako yanenepa." Ndinavomera. Anati anagwira ntchito yosankhula mabogi ku Kabwe mpaka kupuma. Ndinaganiza kuti atha, koma anawerama n'kuloza ndi ndodo kamunthu kanga konyamula mbendera.

"Uyu wamuimika pakati pa njanji ziwiri, msana kuinjini. Akanakhala wa gulu langa ndikanamubweza kunyumba lero lomwe."

"Ndimuike pati, agogo?"

"Kumbali, komwe dalaivala akumuona. Ndipo bogi lako la mafuta lisagundane ndi injini, ikapo lina pakati."

Ndinamatula kamunthuko ndi kampeni pomwepo, iwo akuyang'anira, n'kukamata kumbali. Kenako anakoka mpando, anapempha kuti ndiwapatse choyendetsera, ndipo mabogi 5 aja anawasanja osabwereza ndi kamodzi komwe.